Musanagule thiraki, yambani mwadziwa chimene ikanyamule

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi abale athu a kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu amene akusunga ndalama za fodya, soya ndi mtedza kuti agule thiraki yawoyawo. Tikunena thiraki yaikulu ija ya hosi ndi thirela, yomwe mwini wake amafuna aziyendetsa yekha kapena alembe dalaivala mmodzi. Funso limene limamveka pa Kamwendo, pa boda ya Mchinji ndi m'magaraja ndi lakuti: ndigule yatsopano kapena yoyendapo kale? Ambiri amayankha funsoli poyang'ana mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi cha pa WhatsApp. Ife amene timagwira ntchito ya mathiraki tikuti mtengowo ndi wofunika kuuyang'ana pomalizira. Choyamba ndi katundu: muli naye kodi, wa miyezi ingati pa chaka, ndipo mwini katunduyo amalipira liti?

Katundu wa dera lathu ndi wa nyengo. Fodya amapita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti. Soya, mtedza ndi chimanga zimayenda kwambiri anthu akangokolola. Feteleza amachuluka kuyambira cha mu Seputembala mpaka mvula itayamba. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, amene alibe kontirakiti ya simenti, mafuta kapena katundu wa ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam amangoimika thiraki pakhomo. Koma banki sidziwa za nyengo, imafuna yake mwezi ndi mwezi. Chiwongoladzanja cha ngongole m'mabanki athu chakhala chikupitirira 25 peresenti m'zaka zaposachedwapa. Ndiye kuti pa K100 miliyoni iliyonse imene mwakongola, chiwongoladzanja chokha m'chaka choyamba chimayandikira K25 miliyoni, kapena kuti pafupifupi K2 miliyoni pa mwezi, musanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo, musanathire dizilo, musanalipire inshuwalansi. Thiraki yatsopano yogula pa ngongole iyenera kuyenda miyezi yonse 12. Ngati mulibe kontirakiti yolembedwa papepala, yosainidwa, yonena matani ndi tsiku lolipira, musaiyandikire. Lonjezo la pakamwa la munthu amene wakuuzani kuti "katundu alipo wambiri, ingogulani" silingakulipirireni ngongole.

Chenjeraninso ndi mgwirizano wogula pang'onopang'ono umene mtengo wake walembedwa m'madola. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Aliyense amene ankalandira malipiro m'makwacha koma ngongole yake ili m'madola adadzuka m'mawa ngongoleyo itakula popanda kukongolanso kanthu. Ngati malipiro anu ndi a makwacha, ngongole yanu ikhalenso ya makwacha.

Sitikunyoza thiraki yatsopano ayi. Ubwino wake ndi weniweni. Zaka zoyambirira mumangochita sevisi, simugona m'njira, ndipo makampani akuluakulu amakonda kupereka katundu kwa amene thiraki yake siimaima. Dizilo imamwanso mosamala. Taonani chitsanzo: kuchoka ku Lilongwe kupita ku Beira ndi kubwerako ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000. Thiraki yotopa imene ikuyenda makilomita 2 pa lita imafuna malita 1,000. Imene ikuyenda makilomita 2.4 pa lita imafuna malita 833. Kusiyana kwake ndi malita opitirira 160 pa ulendo umodzi, ndipo mukayenda maulendo atatu pa mwezi ndalamayo ndi yooneka. Koma walanti, lonjezo la wogulitsa lokonza zowonongeka, ili ndi malamulo ake. Sevisi iyenera kuchitikira kwa amene adakugulitsani, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pa mtunda umene adalemba m'buku. Akapeza kuti mainjekita awonongeka ndi dizilo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena parafini, kapena kuti masipuling'i athyoka chifukwa chopakira mopitiriza, sakulipirani. Werengani pepala la walanti musanasaine, makamaka pamene palembedwa zimene iwo sakhudzidwa nazo.

Pakati pa yatsopano ya ku Ulaya ndi yakale pali mathiraki atsopano a ku China monga Howo, FAW ndi Shacman. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi Scania, Volvo kapena Mercedes-Benz yatsopano, injini zake amakaniki athu amazidziwa, ndipo masipeyala amapezeka. Zofooka zake zimaonekera m'kabu, m'mawaya a magetsi ndi pa mtengo wodzagulitsira ikakalamba. Choopsa chachikulu n'chakuti mathiraki ena amene amatsatsidwa pa intaneti ngati atsopano ndi akale amene angopentedwa n'kuikidwa kabu ndi mipando yatsopano. Yerekezani nambala ya chasisi, nambala ya injini ndi chaka cholembedwa pa kachitsulo ka fakitale. Onetsetsaninso kuti chiwongolero chili kumanja. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo kupitirira galimoto ina pa msewu wopapatiza muli pa chiwongolero cha kumanzere ndi kuika moyo pachiswe.

Kwa munthu wa thiraki imodzi, wopanda kontirakiti ya chaka chonse, maganizo athu ndi akuti agule yoyendapo kale, ndi ndalama yake kapena ndi ngongole yochepa. Koma apa ndi pamene ambiri agwera m'mbuna, chifukwa mathiraki akale sali ofanana.

Ochokera ku UK amaoneka okongola ndipo mabuku ake a sevisi nthawi zambiri amakhala olongosoka. Vuto n'lakuti adapangidwira misewu ya kumeneko, kumene malire a kulemera ndi matani 44. Ambiri ndi a 4x2 kapena 6x2, kutanthauza kuti ekiselo imodzi yokha ndiyo imakoka, ndipo pa 6x2 ina ya kumbuyo imangonyamula, nthawi zambiri imakwezedwanso m'mwamba. Pa phula louma zilibe kanthu. Koma mukalowa m'misewu ya fumbi ya ku Mkanda, Kapiri, Santhe kapena Chamama mvula itagwa, matayala okokawo amangozungulira pamalo amodzi. Hosi ya 6x4, yomwe maekiselo onse awiri a kumbuyo amakoka ndipo ili ndi diff lock yochititsa matayala okoka kuzungulira limodzi, ndiyo ya kuno. Palinso nkhani ya sikelo. Malamulo a kulemera amene maiko a dera lino amatsatira amalola matani 8 pa ekiselo ya kutsogolo, 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, 18 pa maekiselo awiri ophatikizana, ndi 24 pa atatu, ndipo thiraki yonse isapitirire matani 56. Ndiye hosi ya 6x4 yokoka thirela ya maekiselo atatu ifika matani 50, pomwe ya 4x2 yokoka thirela yomweyo ithera pa 42. Mukachotsa kulemera kwa hosi ndi thirela zopanda kanthu, woyambayo anyamula katundu wa matani pafupifupi 30, winayo atsalira kutali. Pa ntchito yolipidwa pa tani, kutchipa kwa 4x2 mumakulipira pa ulendo uliwonse.

Chachiwiri pa mathiraki a ku UK ndi dzimbiri. Kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya chasisi, matanki a mpweya, mapaipi a mabuleki ndi polumikizira mawaya. Penti yakuda yatsopano pa chasisi ikhale chenjezo kwa inu, osati chokopa.

Chachitatu, chimene chasaukitsa anthu ambiri, ndi injini za Euro 6, mulingo wa ku Ulaya wochepetsa utsi. Mathiraki olembetsedwa ku Ulaya kuyambira 2014 ali ndi zipangizo zoyeretsera utsi: DPF yosefa mwaye, EGR yobweza utsi mu injini, ndi SCR yomwe imafuna madzi a AdBlue. Zimenezi zidapangidwira dizilo wa sulfure wochepa kwambiri. Dizilo akakhala wa sulfure wochulukirapo kapena wakuda, DPF imatsekeka, masensa amafa, ndipo kompyuta ya thiraki imachepetsa mphamvu ya injini mwadala. Mungakhale mutapakira matani 30 pa mtunda, thiraki n'kuyamba kukwawa ngati ngolo ya ng'ombe, pomwe injiniyo payokha ilibe vuto. Alipo amene amachotsa zipangizozi ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta. Ntchitoyo ikachitidwa ndi wosadziwa, injini imatentha mopitirira ndi kuwononga turbo ndi mapisitoni, ndipo utsi wake ndi umene ana athu a m'mbali mwa msewu amapuma. Injini ya Euro 3 ilibe zambiri mwa zimenezi, n'chifukwa chake ngakhale mathiraki atsopano ambiri ogulitsidwa m'dera lino amabwera ndi injini zotero. Euro 5 ndi yotheka ngati mukudziwa kumene muzigula AdBlue. Euro 6 isiyireni amene ali ndi garaja ndi kompyuta yawoyawo.

Ochokera ku South Africa ambiri ndi a 6x4, a matanki aakulu, a fyuluta ya mpweya yolimbana ndi fumbi, opangidwira matani 56. Koma amakhala atagwira ntchito yolemetsa, ndipo ambiri amagulitsidwa atayandikira kapena kupitirira makilomita miliyoni imodzi. Kumeneku samalani ndi mapepala. Funani chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndi umboni wakuti ilibe ngongole ku banki ya kumeneko. Thiraki yobedwa imalandidwa ngakhale inu mutaigula mosadziwa.

Mtundu wa thiraki musankhe poyang'ana m'mashopu a masipeyala a ku Lilongwe ndi ku Chipata, osati poyang'ana kukongola kwa kabu. Musanagule, lembani zinthu izi: kilatchi, pampu ya madzi, turbo, injekita imodzi, kompuresa ya mpweya, sitata. Yendani m'mashopu mufunse mtengo wa chilichonse ndiponso ngati chilipo lero. Ngati atatu mwa ogulitsa akuyankhani kuti "tiitanitsa ku Johannesburg", dziwani kuti tsiku lina thiraki yanu idzakhala milungu itatu pa jeke kudikira kachitsulo kamodzi, makamaka masiku ano pamene ndalama zakunja zikusowa.

Tsopano kayezedwe. Safunsa adadya phula: tengani makaniki wa mathiraki, osati wa magalimoto ang'onoang'ono, ndipo mumulipire inuyo, asakhale mnzake wa wogulitsa.

Fikani m'mawa injini isanalizidwe. Gwirani pa injini. Ikakhala yofunda, wogulitsa wailiza kale kuti musaone mmene imavutira kudzuka, ndiye mubwerenso mawa. Isanalire, solani chitsulo choyezera oyilo ndi kutsegula chivundikiro chothirira oyilo. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa, mwina gasiketi ya hedi, mwina oil cooler, mwinanso malayina a masilinda. Yang'anani m'botolo la madzi a rediyeta ngati muli mafuta oyandama. Ikalira, onani utsi. Woyera pang'ono wotha pakapita kanthawi si vuto m'mawa wozizira. Woyera wosatha ndi madzi kapena injekita yodontha. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa chifukwa cha maring'i kapena turbo. Wakuda wambiri ndi dizilo wosapsa bwino: mainjekita, fyuluta ya mpweya yotsekeka, kapena paipi ya intercooler yobooka. Injini ikatentha, tsegulaninso chivundikiro cha oyilo chija n'kuchiika pakamwa pake osamanga. Chikamakankhidwa ndi mpweya wamphamvu ndi utsi, injiniyo yatsala pang'ono kufuna ovaholo. Thovu losalekeza m'botolo la madzi likusonyeza kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi.

Musakhulupirire makilomita a pa dashibodi, amabwezedwa mosavuta. Lumikizani kompyuta yoyezera muwerenge makilomita ndi maola a injini osungidwa mu ECU, kompyuta ya injini, pamodzi ndi zolakwika zakale. Gawani makilomita ndi maola. Thiraki ya maulendo aatali imapereka liwiro lapakati la makilomita 50 mpaka 65 pa ola. Ngati maola ndi 20,000 koma dashibodi ikuti makilomita 400,000, pali chimene chikubisidwa, kapena injiniyo idakhala ikungolira pamalo amodzi, zomwenso zimaitopetsa. Ngati kompyuta ikusonyeza kuti zolakwika zonse zafufutidwa dzulo, funsani chifukwa chake.

Mpweya wa mabuleki: tulutsani mpweya wonse m'matanki, lizani injini, muone nthawi imene geji ikutenga kuti idzaze. Kenako zimitsani injini, pondani buleki, mumvetsere. Singano ya geji isamatsike mooneka. Kokani kavavu ka pansi pa thanki iliyonse; mukatuluka madzi ambiri, air dryer, chipangizo choumitsa mpweyawo, yatha ntchito, mukatuluka oyilo, kompuresa yatopa. Oyilo ameneyo amawononga mavavu onse a mabuleki mmodzimmodzi.

Lowani pansi ndi tochi ndi kanyundo. Yang'anani ming'alu ndi powotcherera pa chasisi, makamaka pozungulira fifth wheel (chitsulo chokolekapo thirela), pamene pamangidwa masipuling'i, ndi kumbuyo kwa kabu. Chasisi yowotcherera imadzang'ambikanso pambali pa powotchererapo. Gwedezani puropela shafuti muone ngati makolosi, zolumikizira zake, ali ndi mpata. Tsegulani pulagi ya difu ndi ya giyabokosi. Tizitsulo tonga mchenga wosalala pa maginito ake n'tachibadwa, koma tizidutswa togwirika ndi chala ndi mano a magiya. Matayala nawo amanena zoona: odyeka mbali imodzi akusonyeza kuti ekiselo ndi yopindika kapena mabushi atha.

Pomaliza iyendetseni itakoka thirela yolemera, makilomita osachepera 30, pamsewu wokhala ndi chitunda. Hosi yopanda katundu imathamanga ngakhale injini itatha. Pachitunda, kilatchi yotha imachititsa kuti injini ikwere mawu koma liwiro osawonjezeka. Geji ya kutentha isasunthe kwambiri. Potsika yesani retarder, chochepetsa liwiro osaponda buleki, kapena buleki ya injini, chifukwa amene adzayende njira ya kumpoto adzaifuna pa Chiweta ndi pa Kitonga ku Tanzania, ndipo mabuleki a mapazi okha amapsa pamalo otero. Magiya osintha okha monga I-Shift ya Volvo, Opticruise ya Scania ndi PowerShift ya Mercedes-Benz amasunga kilatchi ndi dizilo, koma akavuta amafuna kompyuta ndi munthu woidziwa. Giyabokosi ya pamanja ya ZF kapena Eaton imakonzeka ngakhale pa Kasungu pomwe. Wogulitsa amene akukana kuti muyeze chilichonse mwa izi wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Tikudziwa kuti ena amaitanitsa kuchokera kunja osaiona, n'kuilandirira ku Walvis Bay, Durban kapena Dar es Salaam. Ngati mwasankha njira imeneyo, lipirani munthu wodziimira payekha wa kumeneko akaiyeze ndi kukutumizirani kanema wa injini ikudzuka m'mawa, zithunzi za pansi pa chasisi ndi zimene kompyuta yawerenga. Ndalama itumizidwe kudzera ku banki, ku akaunti ya kampani imene dzina lake lili pa invoisi.

Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri ndi kuthera ndalama yonse pa kugula. Thiraki yakale ikangofika imafuna oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu, mafyuluta onse, malamba, katiriji ya air dryer, ndipo nthawi zambiri mabatire awiri. Ngati ilibe fyuluta yolekanitsa madzi ndi dizilo, ikani musanayende ulendo woyamba, ndipo muzikhetsa madziwo m'mawa uliwonse. Kachipangizo kotchipa kameneka kamateteza mainjekita asanu ndi imodzi a mtengo wapatali. Ndiye matayala: hosi ya 6x4 ili ndi 10, thirela ya maekiselo atatu ya matayala awiriawiri ili ndi 12, onse pamodzi 22, osawerengera apadera. Funsani mtengo wa tayala limodzi la 315/80R22.5 lero, muchulukitse, muone. Mathiraki a ku UK ambiri amabwera ndi matayala a saizi ina yocheperapo, yomwe kuno sipezeka paliponse. Ife timalangiza kuti musunge padera ndalama yosachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa thirakiyo. Ngati muli ndi ndalama yokwanira kugula kokha, simunakwanitse. Gulani lole ya matani 10 kapena 15, igwire ntchito ya m'maesiteti ndi m'misika nyengo ziwiri, kenako mudzakwere.

Ndalama yosungayo ili ndi ntchito inanso. Eni katundu ambiri ndi madobadoba amapereka kagawo ka dizilo poyamba, yotsalayo n'kudzalipira patapita mwezi kapena iwiri mutapereka mapepala otsimikiza kuti katundu wafika. Pa nthawi yonseyo mukufunika ndalama ya dizilo wa ulendo wotsatira, ya pa zipata zolipiritsa monga Chingeni ndi Kalinyeke, ya misonkho ya misewu ya m'maiko ena, ndi ya kamba wa dalaivala. Mathiraki ambiri amene amaimikidwa osayenda sikuti awonongeka; mwini wake wangosowa ya dizilo akudikira malipiro.

Thirela musaiyese chinthu chongowonjezera. Yezani kingipini, chitsulo cha thirela cholowa mu fifth wheel, ngati yadyeka, onani ngati kutalika kwa fifth wheel kukugwirizana ndi thirelayo kuti isamakhule matayala a hosi kapena kupendekera kumbuyo, zomwe zimalemetsa ekiselo imodzi ndi kukugwiritsani pa sikelo ngakhale matani onse ali m'malire. Chingwe cha magetsi a mabuleki a thirela, cha ABS kapena EBS, chilumikizidwe ndithu. Ambiri amachisiya chikulendewera, ndipo pamsewu wonyowa matayala a thirela amauma, thirelayo n'kutererekera m'mbali. Pa katundu wa kuno, fodya, matumba ndi simenti, thirela yafulati yokhala ndi zotsekera makontena ndiyo imapeza ntchito zambiri.

Za mapepala tinene mwachidule. Musanatumize ndalama kunja, pitani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka ndi chaka cha thiraki, kulemera kwake ndi mtengo wake, akuwerengereni msonkho polemba, chifukwa zaka za galimoto zimakhudza msonkho ndipo malamulo amasintha ndi bajeti. Mukagula ya kuno komwe, pitani limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic mukasinthe umwini tsiku lomwelo, mutaonetsetsa kuti nambala ya chasisi ya pa khadi ndi yomwe ili pa chitsulo, ndipo galimotoyo si chikole cha ngongole ya munthu wina. Hosi ndi thirela chilichonse chili ndi COF yake. Dalaivala akhale ndi laisensi ya EC ndi chilolezo choyendetsa galimoto za malonda. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Tanzania, koma ku Mozambique mumagula inshuwalansi ina pa boda. Inshuwalansi ya katundu amene mwanyamula ndi yosiyana ndi ya thiraki. Matani 30 a feteleza akagubuduka kapena kubedwa, mwini wake adzafuna kwa inu.

Pempho lathu kwa ogulitsa mathiraki m'mayadi a ku Lilongwe ndi kwina n'lakuti azilola ogula kubwera ndi makaniki ndi kompyuta yawo, ndiponso azilemba m'pangano makilomita, maola a injini ndi nambala ya injini monga zilili pa tsiku logulitsa. Inu ogula, pangano limenelo likhale ndi mboni ziwiri, linene zonse zimene wogulitsa walonjeza kukonza, ndipo gawo lomaliza la ndalama muperekere ku Road Traffic dzina lanu litalowa pa khadi.

Amakaniki ndi eni mathiraki,
Kamwendo, Mchinji